Khothi linati mlandu wathu upite kwina, koma tinkabwererabe kukhothi komweko

M'makontirakiti ambiri a zomangamanga ndi ogulitsana katundu muno m'Malawi mumakhala ndime ina chakumapeto, mitengo ndi masiku operekera ntchito zitatha, yonena kuti pakabuka kusamvana nkhani idzapita ku arbitration. Kusayina ndime imeneyi ndi kugwirizana ndi mnzako kuti mlandu wanu udzaweruzidwa ndi munthu wotchedwa arbitrator, amene mudzasankhe nokha, n'kumulipira nokha, ndipo chimene adzagamule chidzakumangani nonse. Amalonda anzanga amaimva pawiri. Ena amati ndi mawu ongodzazira pepala, zinthu zikavuta munthu amathamangirabe kukhothi. Ena amati ukangosayina ndiye kuti khothi walitsanzika. Ine ndinadutsamo, ndipo ndinaona kuti onsewa akuphonya. Khothi silinamve mlandu wathu, koma popanda khothi sitikanauyamba, sitikanasunga umboni, ndipo ndalama sitikanaiona.

Ndili ndi kampani yaing'ono ya zomangamanga ku Lilongwe. Mu 2023 tinapeza ntchito yomanga shedi yosungiramo mbewu ya kampani ina yogula soya ndi mtedza. Mtengo unali wa makwacha, koma munali ndime yoti katundu wochokera kunja akakwera pa zifukwa zomwe si zathu, mtengo udzaunikidwanso. Pa 9 November chaka chomwecho Reserve Bank inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola inachoka pa K1,180 ndi kufika pa K1,700. Aliyense amene ankamanga nthawi imeneyo akukumbukira mmene zinalili: ogulitsa zitsulo ndi malata ankakuuza mtengo m'mawa, ukabwera ndi cheke madzulo n'kupeza wasintha. Ife tinali tisanagule malata, ndipo zitsulo za denga tinali titagula theka.

Tinalemba kalata yopempha kuti mtengo uunikidwe. Anakana, nati ndimeyo imanena za kukwera kwa mitengo kumene katunduyo akuchokera, osati kugwa kwa kwacha. Kenako anagwira masetifiketi awiri otsimikiza ntchito imene tinali titagwira, osalipira. Ntchito inayamba kuyenda pang'onopang'ono chifukwa amisiri sadya malonjezo. Chakumayambiriro kwa 2024 anatilembera kuti kontirakiti aithetsa, alonda anakhoma geti, makina athu osakanizira konkire, majenereta ndi matabwa zili m'kati. Tinawayankha kuti sitikugwirizana nazo, ndipo monga mwa kontirakiti nkhaniyi ipite ku arbitration. Kalata imeneyo sanaiyankhe. M'malo mwake tinalandira masamoni ochokera ku High Court, nthambi yoona milandu ya zamalonda, akutiuza kuti tilipire chipukutamisozi chifukwa chochedwetsa ntchito.

Loya wathu ndi mayi wosachulutsa mawu. Nditawaimbira anati: "Bambo, musalembere aliyense kanthu. Bweretsani kontirakiti yonse, ndi masamba akumapeto omwe." Atawerenga anandifunsa funso lomwe sindinkaliyembekezera, loti ndikufuna mlanduwu umvedwe kuti. Anafotokoza kuti ndimeyo siigwira ntchito yokha. Mnzako akakusumira kukhothi ngakhale munagwirizana za arbitration, khothi silimubweza pakhomo. Limalandira mlanduwo, ndipo ukapanda kudandaula limaumva mpaka kugamula. Amene akufuna kuti panganolo lisungidwe ndi amene amayenera kuimirira ndi kupempha kuti mlandu uime.

Ndipo nthawi yopemphera ndi yopapatiza kwambiri. Lamulo lathu la Arbitration Act la 1967, lomwe linatengera kwambiri lamulo la ku England la 1950, limanena pa gawo 6 kuti pempho loimitsa mlandu lichitike utangodziwitsa khothi kuti masamoni walandira, usanapereke chikalata choyankha mlanduwo, ndiponso usanachite china chilichonse chopititsa mlanduwo patsogolo. Mawu omalizawa ndi amene amagwetsa anthu. Makhothi a ku England anagamula kalekale kuti ngakhale kupempha khothi kuti likuwonjezere masiku oyankhira kumawerengedwa ngati kulowa mumlandu. Ukatero waonetsa kuti wavomera kuweruzidwa pomwepo, ndipo ndime ija sungaidzutsenso.

Izi ndinaziona kwa mnzanga wina wogulitsa matayala ku Limbe. Iye atalandira masamoni mtima unamuwawa ndi mabodza amene anali m'menemo, ndipo anauza loya wake kuti ayankhe mfundo iliyonse tsiku lomwelo. Chikalata chinalowa, chokoma bwino. Patapita miyezi ndi pamene wina anakumbukira kuti kontirakiti inali ndi ndime ya arbitration. Atapempha kuti mlandu uime, jaji sanatalikitse nkhani: munayankha kale, tipitirire. Sindikunena kuti anaonongeka nazo, pakuti khothi la zamalonda limagwira ntchito yake. Koma mwayi wosankha unamudutsa iye asakudziwa kuti unalipo.

Ine ndinasankha arbitration, ndipo zifukwa zanga zinali ziwiri. Mkangano wathu unali wa miyeso: matani angati a zitsulo anali atagulidwa pofika pa 9 November, ntchito inafika pati, ndani anachedwetsa mnzake. Ndinkafuna munthu amene wakhalapo pamalo omangira, wodziwa kuwerenga bill of quantities, mndandanda wa zipangizo, miyeso ndi mitengo ya ntchito, popanda womumasulira. Chachiwiri, mlandu wa kukhothi ndi wa pagulu. Kampani yaing'ono ngati yathu imadya chifukwa cha mbiri, ndipo dzina likamveka kuti lili kukhothi pa nkhani yothawa ntchito, amene amapereka matenda a ntchito safunsa kuti wolakwa ndani. Loya anandichenjeza kuti njira imeneyi ndi yodula, ndipo sananame. Za ndalamazo ndinena kutsogoloku.

Tsiku lomva pempho lathu, loya wa mbali inayo anabwera atakonzeka. Anayamba ndi malamulo oyendetsera dziko. Gawo 108 limapereka kwa High Court mphamvu zopanda malire zomva mlandu uliwonse, ndipo gawo 41 limapatsa munthu aliyense ufulu wokadandaula kukhothi. Anafunsa kuti anthu awiri angalembe bwanji kapepala kolanda khothi mphamvu zimene linapatsidwa ndi lamulo lalikulu la dziko. Kunena zoona, nditakhala pabenchi kumbuyo ndinaona ngati watipha. Mfundoyo imamveka bwino m'khutu.

Yankho la loya wathu linali lofatsa. Anati palibe amene walanda khothi mphamvu. Tabwera kukhothi komweko kudzapempha, ndipo ndi khothi limene ligamule ngati mlandu uime kapena ayi. Lamulo lopereka njira imeneyi linakhazikitsidwa ndi Nyumba ya Malamulo, ndipo chimene tikupempha n'chakuti khothi ligwiritse ntchito mphamvu zake pokakamiza anthu kusunga zimene anasayinirana ndi manja awo. Anatchula mlandu wa Scott v Avery wa 1856, pamene khothi lalikulu la ku England linavomereza kuti anthu angathe kupangana kuti asasumirane kufikira arbitrator atagamula. Wina angadabwe kuti milandu ya ku London ikudzatani ku Lilongwe. Malamulo athu a zamalonda anachokera kumeneko kuyambira 1902, nthawi ya atsamunda, ndipo majaji athu amayang'anabe zigamulo zakozo, makamaka pamene mawu a lamulo lathu akufanana ndi awo.

Mfundo yawo yachiwiri ndi imene ndikufuna amalonda aimvetse, chifukwa imabwera pafupifupi pa mkangano uliwonse. Anati kontirakiti inathetsedwa, ndiye ndime ya arbitration inafera limodzi ndi kontirakitiyo. Loya wathu anayankha ndi mlandu wa Heyman v Darwins wa 1942. Mfundo yake ndi yakuti ndime imeneyi inalembedwa dala kuti idzagwire ntchito zinthu zikaonongeka. Kontirakiti ikathetsedwa, udindo womanga ndi wolipira mtsogolo umatha, koma pangano la mmene mudzathetsere mkangano limatsala, ndipo funso loti kuthetsako kunali koyenera kapena ayi ndi limodzi mwa mafunso amene arbitrator amayankha. Anawonjezera mlandu wa Fiona Trust wa 2007, umene unati amalonda oganiza bwino akalemba ndime yotere amafuna kuti mikangano yawo yonse ikathere malo amodzi, osati ina uku ina uko. Zikanakhala mwina, aliyense wofuna kuthawa arbitration akanangolemba kalata yothetsa kontirakiti m'mawa, masana n'kukasuma.

Panalinso china chimene jaji anafunsa yekha. Lamulo la 1967 silikakamiza khothi kuimitsa mlandu. Limati khothi likhoza kutero likakhutira kuti palibe chifukwa chokwanira choletsera nkhaniyo kupita ku arbitration, ndiponso kuti wopemphayo anali wokonzeka pamene mlandu unkayamba, ndipo akadali wokonzeka, kuchita zonse zofunika kuti arbitration iyende. Mawu a pakamwa sakwanira pamenepa. Chimene chinatithandiza ndi kalata ija tinalemba geti litangokhomedwa, ndi ina imene loya anatumiza yotchula mayina atatu a anthu amene tikanawavomera kukhala arbitrator. Jaji anaziwerenga zonse, nafunsa mbali inayo ngati inayankha. Inali isanayankhe. Mlandu unaimitsidwa, ndipo anawalamula kulipira zimene tinaononga pa pempholi. Zindikirani kuti unaimitsidwa, sunafafanizidwe. Fayilo inatsala kukhothi ndi nambala yake.

Ndinaganiza kuti khothi tathana nalo. Sipanapite nthawi tinabwererako, ndipo ulendo uno pa nkhani imene inkandisowetsa tulo kuposa ndalama. Tinamva kuti kampani ija yapeza kontirakitala wina woti amalize shedi. Iye akangoyamba kupaka pulasitala, kuthira konkire pansi ndi kukhoma malata, palibe amene akanathanso kudziwa pamene ntchito yathu inalekezera. Umboni wonse ukanakwiririka. Arbitrator anali asanasankhidwe, ndiye panalibe woti atimvere. Ngakhale akanakhalapo, alibe asherifu kapena apolisi, ndipo sangalamule kontirakitala watsopanoyo, amene sanasayine nawo pangano lathu. Apa ndi pamene lamulo limasiyira khothi mphamvu zothandiza arbitration: kusunga katundu, kulola kuti malo ayenderedwe, kupereka chiletso chakanthawi. Tinapeza lamulo loti ntchito isapitirire kufikira quantity surveyor, katswiri woyeza ntchito ndi kuwerengera mtengo wake, wa mbali iliyonse atayeza limodzi ndi kujambula zithunzi, ndiponso loti titenge makina athu. Loya anasamala polemba pempholi, nanena momveka kuti sitikupempha khothi kuweruza mkanganowo, tikungopempha kuti pakhale choti arbitrator adzaweruze.

Pa bondi ya kubanki zinali zosiyana. Poyamba ntchito tinapereka chikalata cha banki cholonjeza kulipira mwini ntchito ngati titalephera, ndipo chinalembedwa kuti banki idzalipira akangopempha. Anapemphadi. Ine ndinkafuna chiletso, koma loya anakana kundidyera ndalama. Anati bondi yotere ndi pangano la banki ndi mwini ntchito, ndime yathu ya arbitration siifikako, ndipo makhothi saimitsa malipiro ake pokhapokha pali chinyengo choonekeratu chimene banki ikuchidziwa. Anatchula mlandu wa Edward Owen Engineering ndi Barclays Bank wa 1978. Banki inalipira, n'kutembenukira kwa ife. Ndalamayo tinaiika pa mndandanda wa zofuna zathu kwa arbitrator. Aliyense wosayina bondi awerenge bwino ngati ikunena kuti banki idzalipira akangopempha, kapena pakakhala chigamulo chotsimikiza kuti walakwa. Kusiyana kwa mizere iwiri imeneyi kukhoza kutseka kampani.

Kusankha arbitrator kunatitengeranso kukhothi. Ndime yathu inkangoti mbali ziwiri zidzagwirizana pa munthu mmodzi, osanena chodzachitika zikakanika. Dzina lililonse limene tinapereka ankalikana, iwo osapereka lawo. Munthu amene akusunga ndalama yako sakhala pachangu. Lamulo limalola kuti ukawalembera chidziwitso iwo osachitapo kanthu, upemphe khothi lisankhe, ndipo linasankha quantity surveyor wachikulire amene anagwirapo ntchito zazikulu zambiri. Miyezi imene inapita pamenepa ikanapulumuka ndi mzere umodzi wotchula wodzasankha, kaya pulezidenti wa bungwe la maloya la Malawi Law Society, kaya bungwe la akatswiri a zomangamanga. Masiku ano kulinso Malawi International Arbitration Centre, imene inakhazikitsidwa ndi Malawi Law Society pamodzi ndi bungwe la amalonda la MCCCI. Ndime ikatchula malo ngati amenewa, nkhani ya kusankha ndi ya malipiro imakhala ndi ndondomeko yake kale.

Kumva mlandu kwenikweniko sindikhalitsapo. Tinkakumana m'chipinda chobwereka, popanda mikanjo, ndipo arbitrator anapita yekha kukaona shedi, ali ndi tepi m'manja. Mafunso ake anali a munthu wodziwa ntchito. Anafunsa kapitawo wathu chifukwa chimene buku la pamalo omangira linalibe zolemba masiku ena a mvula, ndipo anafunsa injiniya wawo chifukwa chimene anasayinira setifiketi imene abwana ake anakana kulipira. Mboni imodzi, wogulitsa zitsulo amene ankasunga mainvoisi otsimikiza masiku ogulira, inakana kubwera poopa kuda ndi makasitomala. Arbitrator sangakakamize munthu wakunja kwa pangano, choncho loya anakatenga kukhothi chikalata choitanira mboni, ndipo bamboyo anabwera ndi mafayilo ake.

Ndalama ndiye inatuluka. Kukhothi umalipira loya ndi masitampu, koma jaji amalipidwa ndi boma ndipo chipinda n'chaulere. Kuno timalipira maola a arbitrator, chipinda, wolemba zokambirana, ngakhale madzi akumwa. Tinagwirizana kugawana pakati, koma itafika nthawi yotulutsa chigamulo mbali inayo inali isanapereke gawo lake, ndipo arbitrator anati satulutsa kufikira atalipidwa zonse. Ali ndi ufulu wotero. Tinakongola n'kulipira gawo lawo, kuti tidzalipeze m'chigamulo. Maganizo anga ndi akuti pa ngongole yaing'ono yosatsutsika, monga katundu amene unapereka ndipo anasayinira, ndime ya arbitration imapweteka mwini wake. Imateteza wamkulu amene angathe kudikira ndi kulipira. Imayenera pamene ndalama ndi yochuluka ndipo mkangano ukufuna katswiri.

Chigamulo chinabwera chosakaniza. Arbitrator anapeza kuti kugwa kwa kwacha kunali m'gulu la zifukwa zimene ndime ya mitengo inkanena, choncho tinayenera kuwonjezeredwa pa zitsulo ndi malata. Anapezanso kuti kontirakiti anaithetsa osatipatsa chidziwitso chimene kontirakitiyo inkafuna, ndiye ndalama ya bondi ibwezedwe pamodzi ndi masetifiketi awiri aja. Koma anatichotsera ina chifukwa cha masabata amene anati kuchedwa kunali kwathu, ndipo anakana kuwonjezera pa simenti, nati tinagula kwa opanga a m'dziko momwe muno. Mpaka lero ndimaona kuti pa simenti anaphonya, pakuti mtengo wake unakwera chifukwa cha dola yomweyo.

Ndinauza loya kuti tichite apilo pa simentiyo. Anaseka pang'ono. "Bambo, munasankha munthu woti akuweruzeni, wakuweruzani. Khothi silikhala pansi kuwerenganso matumba a simenti." Anafotokoza kuti makomo olowera kukhothi pambuyo pa chigamulo ndi ochepa. Khothi limayang'ana mmene mlandu unayendetsedwera: ngati arbitrator anamva mbali imodzi inayo palibe, ngati anali ndi ubale kapena phindu lobisika ndi mbali ina, ngati anagamula nkhani imene sanapatsidwe, ngati chigamulocho chinapezedwa mwachinyengo. Kungoti analakwitsa poyeza umboni si chifukwa. Zinandiwawa, koma patangopita masabata ochepa lamulo lomwelo ndi limene linatiteteza.

Kampani ija sinalipire. Chigamulo cha arbitrator pachokha ndi pepala, ndipo akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kuti chikhale ndi mano umapita nacho ku High Court kukapempha chilolezo choti chigwire ntchito ngati chigamulo cha khothi. Titangopempha, iwo anabwera ndi pempho lawo loti chigamulocho chifafanizidwe. Masamba ambiri a pempholo ankangobwereza mkangano wa mitengo, ndipo jaji anawadumpha. Mfundo imodzi yokha ndi imene inali yoopsa: ankati tsiku loyendera shedi arbitrator analankhula ndi kapitawo wathu paokha. Zikanatsimikizika, ntchito yonse ikanagwa, tikanayambiranso. Chinatipulumutsa ndi chizolowezi cha mkulu uja cholemba zonse. Tsikulo analemba amene analipo, nthawi yofika ndi yochoka, mafunso amene anafunsa, ndipo injiniya wawo anasayina pansi pake. Khothi linakana pempho lawo, n'kutipatsa chilolezo.

Kuchokera apo zinayenda monga ngongole ina iliyonse ya kukhothi. Loya anapeza lamulo loti banki yawo igwire ndalama za mu akaunti, ndipo atamva kuti asherifu akhoza kufika pa magalimoto awo nyengo yogula mbewu ili pafupi, anapempha kulipira pang'onopang'ono. Tinavomera. Koma ndalama imene tinalandira sinali yofanana ndi imene tinataya. Kwa miyezi yambiri ya 2024 kukwera mitengo kwa zinthu kunali pamwamba pa 30 peresenti, ndipo mwezi uliwonse umene mlandu unkachedwa unkadya chigamulo chathu chisanabadwe. Chimene chinachepetsa bala ndi chiwongoladzanja, chifukwa loya anachipempha kuyambira m'chikalata choyamba ndipo kontirakiti inkatchula mlingo wake. Arbitrator amagamula pa zimene wapemphedwa. Chimene sunapemphe pachiyambi n'chovuta kuchilowetsa pamapeto, ndipo khothi silidzakuwonjezera.

Zonsezi zinali pakati pa makampani awiri a m'Malawi, pansi pa lamulo la 1967. Malonda akadutsa malire nkhani imasintha, ndipo ndinaziona posachedwa pokambirana ndi kampani ina ya ku Johannesburg yogulitsa zitsulo za denga. Kontirakiti yawo inkati arbitration idzachitikira ku Johannesburg motsatira malamulo a AFSA, bungwe loyendetsa arbitration kumeneko. Poyamba ndinkangowerengera mtengo wa ndege ndi malo ogona. Loya anandionetsa kuti nkhani yaikulu ndi ina. Mzinda umene watchulidwa ngati likulu la arbitration ndi umene umasankha khothi loyang'anira. Zonse zimene ndafotokoza pamwambapa, kusankha arbitrator pakakanika, kumuchotsa, kufafaniza chigamulo, zikanakhala m'manja mwa makhothi a ku South Africa. Khothi la ku Lilongwe likanangobwera pamapeto, ngati wina akufuna kugwira katundu amene ali kuno.

Ndipo pamapeto pamenepo khothi lathu lilibe ufulu wochuluka wokana. Mu 2021 Malawi analowa m'pangano la New York la 1958, limene mayiko oposa 160 anavomerezana kulemekeza zigamulo za arbitration zochokera kwa anzawo. Mu 2024 kunabwera lamulo latsopano la International Arbitration Act, lotsatira chitsanzo chimene bungwe la United Nations loona malamulo a zamalonda linakonza mu 1985. Pa chitsanzo chimenechi khothi silisankha lokha kuimitsa mlandu kapena ayi ngati mmene linachitira pa mlandu wathu. Wina akapempha pa nthawi yake, liyenera kutumiza nkhaniyo ku arbitration, pokhapokha panganolo litakhala lopanda mphamvu kapena losatheka kulitsatira. Arbitrator amaloledwa kuyamba yekha kugamula ngati ali ndi mphamvu zomva nkhaniyo, khothi n'kudzaunika pambuyo. Wofuna kufafaniza chigamulo ali ndi miyezi itatu yokha, pa zifukwa zowerengeka zimene zinalembedwa. Ubwino wake ndi wakuti chigamulo chopezedwa ku Lilongwe chikhozanso kukagwira katundu ku Johannesburg, ku Lusaka kapena ku Dubai. Kuipa kwake kwa wamalonda wamng'ono n'kwakuti akalephera kukadziteteza kunjako chifukwa chosowa madola, chigamulo chidzamupeza kwawo, ndipo jaji wa kuno sadzamufunsa ngati zitsulozo zinalidi zopindika.

A ku Johannesburg aja anakana kusuntha likulu kubwera ku Malawi, ndipo sindinadabwe, pakuti wogulitsa wamkulu ndi amene amagwira cholembera. Tinagwirizana pa zina. Arbitrator akhale mmodzi m'malo mwa atatu, zokambirana zichitike pa intaneti pokhapokha pakafunika kuona katundu, mkangano wochepera ndalama imene tinatchula ugamulidwe pa zikalata zokha popanda kuitana mboni, ndipo mbali iliyonse ikhale ndi ufulu wopempha chiletso chakanthawi kukhothi la dziko limene katunduyo ali. Mzere womalizawu anaukana kawiri, mpaka loya wathu atawakumbutsa kuti zitsulo zawo zikadzakhala pamalo athu omangira zisanalipiridwe, adzaufuna ndi iwowo.